Sikirini yopindika ya kompyuta

Iyi ndi sikirini imene mbali zake ziwiri zimakhotera kwa munthu woigwiritsa ntchito, ngati m'kati mwa lichero. Kupindikako amakuyeza ndi nambala yotsatizana ndi chilembo R, monga 1800R, 1500R kapena 1000R. Nambalayo ndi ya mamilimita, ndipo ikachepa ndiye kuti sikiriniyo yapindika kwambiri. Mu 2020 kampani ya Samsung inatulutsa Odyssey G9 ya 1000R.

Pa sikirini yathyathyathya yotambalala, m'mphepete mumakhala patali ndi diso kusiyana ndi pakati, choncho diso limangokhalira kusintha kapenyedwe. Yopindika imachepetsa kusiyanako, bola munthu akhale pakati penipeni. Pa sikirini yaing'ono phindu lake n'lochepa, ndipo ojambula mapulani a nyumba ena amadandaula kuti mizere yowongoka imaoneka yokhota.

Komatu maso amatopanso chifukwa munthu akamayang'anitsitsa kompyuta saphethira pafupipafupi, ndipo kupindika sikuchiza zimenezo. Mwachitsanzo, kalaliki wa pa boma la Ntcheu angapepukidwe osagula kanthu: asunthe desiki kuti dzuwa la pawindo lisamanyezimire pa sikirini, ndipo mphindi 20 zilizonse aziponya maso patali, mamita 6 kapena kuposa, kwa masekondi 20.