Za Amisiri Oyanjanitsa Munthu ndi Kompyuta

Owerenga athu onse adziwa kuti khasu lituruka m'manja mwa amisiri awiri. Wosula asula citsulo, ndipo wosema asema mpini. Citsulo cingakhale cakuthwa cotani, ngati mpini uli wokhota kapena wokakala, mlimi abwerako kumunda ndi matuza m'manja, ndime yace yosatha. Momwemonso makina aja achedwa kompyuta, pamodzi ndi foni imene ambiri a ife titumizira ndarama masiku ano, ali ndi amisiri a mitundu iwiri. Ena akonza za m'kati zosaoneka. Ena alinganiza zimene maso aona pagalasi ndi zimene cala cikhudza. Nchito ya amisiri aciwiriwa iphunzitsidwa tsopano m'mayunivesite ambiri, ndipo wophunzira atha zaka zitatu kapena zinai asanalandire cikalata cace. Koma kale sizinali cotero. Tiyeni tsono tilondole mapazi a maphunziro amenewa kufikira kumene anacokera.

Muzu wace uli m'dziko la Germany, kompyuta isanadziwike. M'caka ca 1919 mmisiri wa nyumba dzina lace Walter Gropius anatsegula sukulu ku Weimar, naicha Bauhaus. Masiku amenewo wojambula zithunzi anali kudziyesa wamkuru woposa mmisiri wa matabwa, ndipo awiriwo sanali kuphunzira pamodzi. Gropius anawasonkhanitsa pansi pa denga limodzi. Wophunzira ali yense anayamba ndi kuyesa mtengo, citsulo, dothi, nsaru ndi pepala ndi manja ace, kuti adziwe cimene ciri conse cilola ndi cimene cikana. Pambuyo pace analowa m'nyumba ya nchito, kapena ya mipando, kapena ya kuomba nsaru, kapena ya kusindikiza. Ciphunzitso cao cacikuru cinali cakuti maonekedwe a cinthu ayenera kutsata nchito yace. Sukuluyo inasamukira ku Dessau m'caka ca 1925, ndipo m'caka ca 1933 inatsekedwa ku Berlin cifukwa ca nkhanza za cipani ca Hitler. Aphunzitsi ambiri anathawira ku America, natenga maphunzitsidwe ao. Mmodzi wa iwo, László Moholy-Nagy, anayambitsa sukulu yotero ku Chicago m'caka ca 1937.

Makompyuta oyamba anali akuru odzaza cipinda, ndipo analibe mpini konse. Munthu wofuna kuwafunsa kanthu anaboola timabowo pa timakadi tambiri, napereka mtolo wace kwa osunga makinawo, nabwera patapita maora kapena m'mawa mwace kudzamva yankho. Akalakwa kabowo kamodzi, anayambanso pa ciyambi. Kunalibe kuyankhana kwa pomwepo, monga acitira anthu awiri poceza.

Woyamba kuonetsa bwino njira yina anali wophunzira wa pa sukulu yaikuru ya MIT, ku Massachusetts, dzina lace Ivan Sutherland. M'caka ca 1963 anatsiriza nchito yace yochedwa Sketchpad. Anagwira colembera ca kuunika, naloza naco pagalasi la makina, ndipo mzere unaoneka pomwepo. Akajambula mizere yopendekeka, anauza makina kuti aiongole, ndipo inaongoka. Akasintha cithunzi coyamba, zonse zotengedwa kwa ico zinasintha pamodzi. Patapita zaka 5, pa 9 December 1968, Douglas Engelbart anakhala pamaso pa anthu monga 1,000 ku San Francisco, nawaonetsa kabokosi koyenda pathebulo, kokhala ndi cingwe ngati mcira, kamene anakacha mouse, ndiko kunena mbewa. Koyamba ka mtundu umenewo kanali kosemedwa ndi mtengo. Posuntha kabokosiko, kacizindikiro kanayenda pagalasi, ndipo anthu anaona dzanja la munthu lirikutsogolera makina.

Komabe onsewa anali amisiri a za m'kati. Anasowa munthu wodziwa cimene diso likonda ndi cimene lilema naco. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mlendoyo anali mai wina wokonza mabuku, Muriel Cooper, wobadwa m'caka ca 1925. Iye anali woyang'anira maonekedwe a mabuku pa nyumba yosindikizira ya MIT, ndipo mabuku mazana angapo anapita m'manja mwace, pamodzi ndi buku lalikuru losimba mbiri ya Bauhaus, la m'caka ca 1969. Cimene cinamsautsa ndi ici, cakuti wokonza tsamba anali kutumiza nchito yace kwa wosindikiza, nadikira masiku ambiri asanaone ngati yakoma. M'caka ca 1974 anayamba kuphunzitsa, ndipo pamodzi ndi Ron MacNeil anakhazikitsa nyumba ya nchito yochedwa Visible Language Workshop. Poyamba ophunzira ace anagwira okha makina osindikizira, manja ao ali bii ndi inki. Pambuyo pace anasamutsira nchito yonse pagalasi la kompyuta, pamene malemba akhoza kukula, kucepa ndi kuyenda monga wowerenga afunira. Anakakamiza wojambula kuphunzira kulamula makina, ndi wodziwa makina kuphunzira kuona. M'caka ca 1985 nyumba yaceyo inalowa m'gulu latsopano la Media Lab, ndipo anaphunzitsa kumeneko kufikira imfa yace m'caka ca 1994.

Kapena wina ati, Kodi zonsezi si zokometsera cabe? Amve cimene cinacitika pa 28 March 1979 ku Three Mile Island, m'cigawo ca Pennsylvania, kumene kunali nyumba yopangira magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya. Mbandakuca, cotsekera cina ca pa mpope cinatseguka, cosatsekekanso, ndipo madzi oziziritsa ng'anjo anayamba kutayika. M'cipinda ca oyang'anira munali kanyali ka cotsekeraco. Koma kanyaliko sikanali kuonetsa ngati cotsekera catsekekadi. Kanali kuonetsa kokha kuti lamulo la kutseka latumizidwa. Anchito anaona kanyali, nakhulupirira kuti zonse ziri bwino pamenepo. Nthawi yomweyo macenjezo oposa 100 anali kulira ndi kung'anima, osadziwika lalikuru ndi liti. Panapita maora awiri ndi mphindi zina asanatseke njira ya madziyo, ndipo pafupifupi theka la m'kati mwa ng'anjo linasungunuka. Anthu monga 140,000 anacoka m'nyumba zao ndi mantha. Ofufuza mlandu anapeza kuti mbali yaikuru ya tsokali inali m'makonzedwe a cipindaco, pakuti amuna odziwa nchito yao ananyengedwa ndi kanyali kosanena zoona.

M'zaka zotsatira kompyuta inacepa msinkhu, nilowa m'maofesi ndi m'nyumba za anthu wamba. M'caka ca 1984 inaturuka Macintosh, imene tizithunzi tace tating'ono, monga kankhokwe kotayamo zosafunika, anatijambula Susan Kare. Mmisiri wina wa ku England, Bill Moggridge, anali atakonza thupi la kompyuta yopindika ngati buku, yochedwa GRiD Compass, ya m'caka ca 1982. Atayamba kuigwiritsa nchito yekha, anazindikira kuti mtima wace wonse uli pa zocitika pagalasi, osati pa cibokosi cimene anacibvutikira. Iye ndi mnzace Bill Verplank ndiwo anapatsa nchitoyi dzina limene idziwika nalo, interaction design, kunena kulinganiza mayankhano a munthu ndi makina.

Nchito ikapata dzina, sukulu zitsata. Yunivesite ya New York inali itayamba kale m'caka ca 1979 maphunziro ofanana, amene anatsogolera nthawi yaitali mai Red Burns. Ku London, pa Royal College of Art, Gillian Crampton Smith anakhazikitsa maphunziro otere, ndipo m'caka ca 2001 anapita kukatsogolera sukulu yatsopano ku Ivrea, mudzi wa kumpoto kwa Italy wochuka ndi makina otaipira a Olivetti. Sukulu ya ku Ivrea inakhala zaka zowerengeka zokha, koma inasiya mbeu. Zipangizo zophunzirira zinali za mtengo wapatali. Cifukwa cace aphunzitsi, mmodzi wa iwo Massimo Banzi, pomanga pa nchito ya wophunzira wa ku Colombia, Hernando Barragán, anakonza m'caka ca 2005 kathabwa kotsika mtengo kochedwa Arduino, kamene munthu wosadziwa za magetsi akhoza kuyatsa nako nyali kapena kuyendetsa kainjini. Podziwa kuti sukulu iri pafupi kutsekedwa, anaulula mapangidwe ace kwa anthu onse kuti ali yense apange. Sukulu inatha, koma kathabwako kali m'sukulu za maiko ambiri kufikira lero.

Wolowa maphunziro amenewa masiku ano ayamba monga anayambira a ku Bauhaus: aphunzira malemba, mitundu ya utoto ndi kuyala tsamba. Aphunziranso kulamula kompyuta, monga anafunira Muriel Cooper. Koma phunziro lobvuta koposa ndi la kukhala cete. Ajambula nchito yace papepala, naipereka kwa munthu amene sanaione ndi kale lonse, kapena nkhalamba, kapena wa maso ofooka, kapena wowerenga pang'onopang'ono. Ndipo ayenera kupenya osamthandiza, nalemba pali ponse pamene cala cakayika. Pamene munthuyo wasokera, mphunzitsi sadzudzula wosokerayo, koma auza wophunzira kukakonzanso.

Cifukwa cace, inu owerenga, mukaona mai wacikulire alikubvutika ndi foni, kapena watumiza ndarama za feteleza kwa munthu wosamdziwa cifukwa makina sanamfunse kawiri, musafulumire kumseka kuti ngwosaphunzira. Kawirikawiri colakwa ciri kwa amene analinganiza, amene sanakhale pansi ndi munthu wotere. Ndipo mwana wanu akanena kuti afuna kukaphunzira nchito imeneyi, musayese kuti afuna kukasewera ndi zithunzi. Mumfunse ngati ali ndi cipiriro ca kupenya agogo ace alikulimbana ndi foni, iye osailanda m'manja mwao. Ngati ali naco, mloleni apite, pakuti anthu a m'midzi yathu asowa amisiri odziwa cinenero cao ndi manja ao.