Khoko la chipolopolo linachokera kuti, nanga amalidulira chiyani?

Funso: Akuluakulu a ku Champhira, ku Mzimba, amasimba za mfuti ya gogodera. Kodi chipolopolo cha khoko la mkuwa chinayamba liti?

Yankho: Gogodera analibe khoko. Mlenje ankathira wonga kukamwa kwa mpope, kutsendera sanza, kuponyamo mtovu kapena tizitsulo, n'kugogodera ndi kamtengo. Mfuti zotere zinafala kuno m'zaka za m'ma 1800 kudzera mwa amalonda a minyanga ndi akapolo, pomwe Angoni a M'mbelwa ankadalirabe mkondo ndi chishango. Ku Ulaya ndi ku America amisiri anali kufunafuna njira yoika wonga, choyatsira ndi mtovu m'chinthu chimodzi. M'chaka cha 1866 Edward Boxer wa ku Britain ndi Hiram Berdan wa ku America analembetsa, aliyense payekha, choyatsira chokhala pakati pa tsinde la khoko. Chodabwitsa n'chakuti cha Boxer ndicho chinafala ku America, cha Berdan n'kufala ku Ulaya. Chipolopolo cha .303, chomwe asilikali a King's African Rifles ankawombera m'mfuti za Lee-Enfield, chinatulukira m'mzere womwewu.

Funso: Akuti kumaiko ena amadzazanso makoko owombera kale, koma amayamba awadula. Chifukwa chiyani?

Yankho: Mkuwa umatanuka. Wonga ukayaka, khoko limafufuma n'kukanirira m'chipinda chake cha mumfuti, ndipo polifinya kuti libwerere mwakale, mkuwawo umasunthira kukamwa. Motero khoko limatalika pang'onopang'ono. La .303 siliyenera kupitirira mamilimita 56.4. Likapitirira, kamwa lake limakalowa pothina pomwe mpope ukuyambira, n'kupana chipolopolo panthawi imene chiyenera kumasuka. Mphamvu ya moto imakwera mwadzidzidzi: choyatsira chimatha kuphulika, mpweya wamoto n'kubwerera kumaso kwa wowombera, mwinanso mfuti n'kuwonongeka. Ndiye chifukwa chake odzaza amayeza khoko lililonse, n'kulidula kuti lichepere malirewo ndi pafupifupi mamilimita 0.25.

Kufupikitsa kwambiri sikoopsa motero, koma khosi lalifupi siligwira chipolopolo mokwanira. Makoko akasiyana kutalika amagwiranso mosiyana, ndipo zipolopolo zimamwazikana ngakhale wowombera alunjike pamodzimodzi.

Kudula sikubweza mkuwa umene wachoka. Umene ukutalikitsa kukamwa ndi womwewo ukuchoka kufupi ndi tsinde, ndipo kamzere kowala kakaoneka pamenepo, khokolo latsala pang'ono kuduka pakati. Makoko owombera mu Lee-Enfield amadziwika ndi vuto limeneli, chifukwa chipinda chake n'chotakasuka.

Funso: Kodi munthu wa ku Mzimba angadzaze yekha kunyumba?

Yankho: M'Malawi muno kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale mfutiyo ikhale gogodera wosulidwa kumudzi. Wotola chipolopolo chosawomba m'munda asachigogode kapena kuchiponya pamoto. Akadziwitse apolisi ku Jenda kapena ku Mzimba boma.