Mwana wa ku Dowa ndi Ntchisi pakati pa zilankhulo zitatu

Mwana wa Chisilamu wa ku Mponela kapena pa boma la Ntchisi amadzuka akulankhula Chichewa, m'mawa amakakumana ndi Chingerezi ku sukulu, masana n'kukhala pa mphasa ku madrasah akuwerenga Chiarabu. Funso lakuti mwana wamng'ono tingamuphunzitse bwanji chilankhulo chachiwiri silinayambe lero m'mapiri amenewa, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro kwa amwalimu.

Chisilamu chinafika m'dera lino kuchokera kunyanja. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo amalonda ake ankakwera kumtunda mpaka kwa Mwase ku Kasungu. Anabwera ndi zilankhulo ziwiri: Chiarabu cha Qur'an ndi Swala, ndi Chiswahili cha malonda ndi makalata, chomwe chinkalembedwa m'zilembo za Chiarabu. Mwana ankayamba ndi alifu, be, te pa kabolodi ka thabwa, kenako n'kuloweza masura aafupi. Wofuna kupitirira mpaka ku fiqh ankamva matanthauzo m'Chiswahili. Kwa mwana wa Mchewa izi zinali ngati kuwoloka mitsinje iwiri: kuti afike ku Chiarabu ankayenera kudzera m'chilankhulo chinanso chachilendo. Ambiri anathera pa kuwerenga kokha, tanthauzo osalifikira.

Kumtunda zinthu zinayenda mwina. Mu 1889, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula mishoni ku Mvera, ndipo mu 1894 inatsegulidwanso ina ku Kongwe, zonse m'boma la Dowa. Sukulu zawo zam'midzi zinkaphunzitsa kuwerenga m'Chinyanja, ndipo Baibulo lonse linatuluka m'chilankhulochi mu 1922. Mwana ankawerenga n'kumva zomwe akuwerenga, choncho sukuluzo zinafalikira msanga. Koma amishoniwa ankaumira Chingerezi, ndipo anadzudzulidwa chifukwa chotsekereza ana ku ntchito za m'maofesi. Makolo ambiri a Chisilamu ankakaniza ana awo ku sukulu za mishoni poopa kuti akasintha chipembedzo. Anasunga chikhulupiriro cha ana, koma anatsalira pa maphunziro a m'kalasi, ndipo bala limeneli linatenga zaka zambiri kuti liyambe kupola.

Boma nalo lakhala likusinthasintha maganizo. Mu 1968 Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko, ndipo ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Mu 1996 unduna unalamula kuti m'makalasi amenewa ana aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira.

Maulama akale anaukambapo mutu womwewu. Ibn Khaldun, m'buku la Muqaddimah lomwe analemba mu 1377, anayerekeza kaphunzitsidwe ka ana m'maiko a Asilamu. Ku Maghrib ankaphunzitsa Qur'an yokha, ndipo iye anaona kuti ana ankakula osatha kulankhula kapena kulemba Chiarabu bwino. Ku Andalus ankaphatikiza Qur'an ndi ndakatulo, malamulo a chilankhulo ndi kulemba, ndipo ana ankachidziwa Chiarabu. Anafotokozanso maganizo a Qadi Abu Bakr ibn al-Arabi, yemwe anamwalira mu 1148, akuti mwana ayambe ndi chilankhulo ndi masamu, Qur'an ibwere pamene angathe kuimva. Ibn Khaldun anawayamikira maganizowa, koma anati makolo sangalole, chifukwa amafuna madalitso a Qur'an msanga, komanso amaopa kuti mwana akatha msinkhu adzachoka asanaiphunzire. Mantha amenewa amwalimu athu amawadziwa: ana ambiri amasiya madrasah akamayandikira mayeso a Sitandade 8.

Fiqh imatithandiza kusiyanitsa zinthu ziwiri. M'madhhab a Imam Shafi'i, omwe Asilamu ambiri a m'Malawi amatsata, Surat al-Fatiha pa Swala imawerengedwa m'Chiarabu basi, kumasulira sikulowa m'malo mwake. Ndiye katchulidwe koyenera ka zilembo sitingakachedwetse, ndipo lilime la mwana wamng'ono ndi lofewa. Mwana wa Mchewa amavutika ndi zilembo zapakhosi monga 'ain ndi qaf, amasokoneza lam ndi ra, ndiponso amakonda kuwonjezera "i" kumapeto kwa mawu. Zonsezi zimawongoka mosavuta ali wamng'ono, pomva ndi kubwereza tsiku ndi tsiku, popanda ndodo, pakuti Ibn Khaldun yemweyo anachenjeza kuti nkhanza zimaphunzitsa mwana ulesi ndi bodza. Koma palibe lamulo loletsa kumufotokozera tanthauzo m'chilankhulo chake. Lero Qur'an yotanthauziridwa m'Chichewa ndi Sheikh Khalid Ibrahim ilipo, chinthu chomwe amwalimu a nthawi ya Jumbe analibe. Mwana akaloweza aya imodzi, amve tanthauzo lake tsiku lomwelo, ndipo atole mawu awiri kapena atatu monga rabb, yawm ndi nas omwe adzakumane nawonso m'masura ena.

Chingerezi nachonso tisachiope. Mtumiki (SAW) analamula Zayd ibn Thabit, ali mnyamata, kuti aphunzire kulemba kwa Ayuda kuti aziwerenga makalata awo, ndipo anaphunzira pasanathe theka la mwezi. Ku Dzaleka, komwe kwakhala othawa kwawo kuyambira 1994, ana ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda amalankhula Chiswahili ndi Chichewa posewera, popanda wowakakamiza. Mwana amatha kunyamula zilankhulo zingapo ngati chilichonse chili ndi ntchito pa moyo wake. Ntchito ya mwalimu ndi kuonetsetsa kuti mwana wa ku Dowa kapena Ntchisi, tsiku lomwe adzasiye madrasah, adzakhale akudziwa zomwe akunena akaima pa Swala. Allah ndiye Wodziwa bwino.