Msonkho wa Mutu ndi Anthu a ku Tafara

Lero tikamba za msonkho, ndi za kusiyana kwa cuma pakati pa wolemera ndi wosauka. Ana a sukulu aphunzira zimenezi m'mabuku, koma ife tiyambira pa mudzi umodzi kumene ambiri a inu muli ndi abale.

Kum'mawa kwa mzinda wa Harare, umene kale unali kuchedwa Salisbury, kuli malokesheni awiri oyandikana. Mabvuku anamangidwa m'caka ca 1952, ndipo Tafara m'caka ca 1967. Dzina lakuti Tafara ndi la Cishona, ndiko kunena kuti "takondwa". Ambiri amene analowa m'nyumba zimenezo anali ophika, ocapa ndi osamala maluwa m'nyumba za Azungu za ku Highlands ndi Greendale, ena anali anchito a pa fakitale ya simenti ili pafupi pomwepo. Cigawo cacikuru ca anthuwo cinacokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku dziko la Apwitikizi. Kufikira lero Cinyanja cimveka m'miseu ya Tafara, ndipo Gule Wamkulu abvinidwa komweko. Nanga cinawatenga nciani anthu amenewa kwao, kuti adzaikidwe m'manda a dziko la eni? Zifukwa nzambiri, koma coyamba ca izo ndi msonkho.

Harry Johnston atakhazika Boma ku Zomba m'caka ca 1891, anafuna ndalama zoyendetsera dziko, ndipo anaika msonkho pa anthu akuda. Pofika 1894 msonkhowo unali mashilingi 3 pa nyumba iri yonse. Ndalama imeneyi ioneka yocepa kwa ife, koma masiku amenewo anali malipiro a mwezi wathunthu pa munda wa Mzungu. Munthu wa m'mudzi anali ndi cimanga m'nkhokwe ndi mbuzi m'khola, koma shilingi analibe. M'caka ca 1901 lamulo linaonjeza kunena kuti wogwira nchito mwezi umodzi kwa Mzungu apereke mashilingi 3, koma wosagwira apereke 6. Apa poonekeratu kuti msonkho unali ndi nchito ziwiri, kudzaza thumba la Boma ndi kuturutsa amuna m'midzi. Wolephera kukhoma anali kumtenthera nyumba, kapena asilikari anali kugwira mkazi wace kufikira mwamuna atapeza ndalama.

Tsidya lino la Zambezi zinali zolemera koposa. British South Africa Company inaika msonkho wa mashilingi 10 pa nyumba m'caka ca 1894, ndipo m'caka ca 1904 inausandutsa msonkho wa mutu, paundi imodzi pa mwamuna ali yense, ndi mashilingi 10 pa mkazi ali yense woposa woyamba. Koma popeza migodi ndi mapulazi a ku Southern Rhodesia anali kulipira koposa minda ya ku Blantyre ndi Mlanje, amuna a ku Nyasaland anayamba ulendo wa ku Halale, poyamba pansi kudzera ku Tete, pambuyo pace pa magalimoto a Ulere ndi mwa kulembedwa ndi Mthandizi. M'caka ca 1935 bungwe lofufuza la Travers Lacey linaona kuti amuna okwanira 120,000 a ku Nyasaland anali kunja kwa dziko lao. Ambiri sanabwerenso, ndiwo amene kwao anawacha machona.

Tsono tiyeni tiime pang'ono, timve cimene akatswiri a za cuma aphunzitsa. Misonkho iri ya mitundu itatu. Woyamba ndi umene munthu ali yense apereka ndalama yofanana, monga msonkho wa mutu. Waciwiri ndi umene ali yense apereka gawo lofanana la zimene apata, monga limodzi mwa magawo khumi. Wacitatu ndi umene gawolo likwera pamene malipiro akwera, kotero kuti wopata zambiri apereka gawo lalikuru ndipo wopata zocepa kwambiri sapereka kanthu.

Pongomva, woyamba uja umveka wacilungamo, pakuti onse apereka cimodzimodzi. Koma tiyerekeze amuna awiri, wina alandira madola 100 pa mwezi, wina madola 2,000, ndipo ali yense akhoma madola 10. Woyamba wapereka limodzi mwa magawo 10 a malipiro ace, ndiyo nchito ya masiku atatu. Waciwiri wapereka limodzi mwa magawo 200, ndiyo nchito ya ora limodzi kapena kupitirira pang'ono. Makolo athu amene anasenza katundu wa mtengatenga anadziwa kuti kapitao wopatsa mnyamata wamng'ono mtolo wolingana ndi wa mwamuna wamphamvu sanaweruze bwino, cinkana mitoloyo ilemera cimodzimodzi pa sikelo. Adam Smith, wa ku Scotland kwao kwa amishoni a Blantyre ndi Livingstonia, analemba kale m'caka ca 1776 kuti anthu ayenera kuthangata Boma monga mwa mphamvu zao. Msonkho wa mutu unaphwanya lamulo limeneli, pakuti sunafunse za nkhokwe ya munthu, unangowerenga mitu.

Anthu anali kucizindikira ici popanda buku. M'mwezi wa May 1935, Boma la Northern Rhodesia litakweza msonkho wa anthu okhala ku migodi, anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya analeka nchito, ndipo ku Luanshya apolisi anaombera ndi kupha anthu 6.

Tibwerere ku Tafara. Munthu wothawa msonkho wa kwao anapeza kuti m'tauni muli wina wosaoneka ndi maso. Mwambo wa makhonsolo a ku Rhodesia unali wakuti lokesheni idzilipirire yokha, ndalama za msonkho wa nyumba za Azungu zisapite kumeneko. Motero zosowa za m'lokesheni zinali kucokera ku lendi ndi ku phindu la mowa wa m'mabiyaholo a khonsolo, pamene mkazi wofulula wace ndi kuugulitsa anali kugwidwa. Holo, bwalo la mpira ndi zina zothandiza anthu zinali kumangidwa ndi cikho ca munthu wosauka. Wophika uja anali kudzuka usiku kukakolezera moto ku Highlands, nayenda pa miseu yatara yoyera ndi magetsi, imene thukuta lace linathandiza kulipira mwa kucepa kwa malipiro ace, ndipo madzulo anali kubwerera ku pfumbi. M'zaka za m'ma 1970 malipiro a Mzungu wa pa nchito anali kuposa a munthu wakuda pafupi kakhumi.

Zimbabwe atalandira ufulu m'caka ca 1980, Boma latsopano linayesa kucepetsa phompho limeneli. Linalamula kuti wa nchito ya m'nyumba kapena ya pa pulazi asalandire zocepera madola 30 pa mwezi, ndi wa m'fakitale madola 70. M'caka ca 1981 bungwe la Roger Riddell linapereka lipoti lace la malipiro ndi mitengo ya zinthu, ndipo ndalama zambiri za msonkho zinapita ku masukulu ndi zipatala. Apa ndi pamene msonkho uonetsa nkhope yace yabwino, pakuti mwana wa wophika analowa sukulu ya sekondale ndi ndalama zimene olemera anapereka zambiri.

Koma nchito za m'mafakitale zitacepa, anthu ambiri a ku Tafara nayamba kudya za malonda ang'onoang'ono, olipira msonkho wa pa malipiro anacepanso, ndipo Boma linatsamira pa misonkho ya pogula ndi potumiza ndalama. M'caka ca 2004 linaika msonkho wa VAT, magawo 15 mwa 100 pa katundu wa m'sitoro, ngakhale zakudya zina monga ufa linazisiya. Mu October 2018 nduna ya za cuma, Mthuli Ncube, inaika msonkho wa masenti 2 pa dola iri yonse yotumizidwa pa foni kapena ku banki. Misonkho yotere njosabvuta kusonkhetsa, koma ilemera kwa wosauka, cifukwa iye amwaza ndalama zace zonse mwezi usanathe, pamene wolemera asungako zina zimene msonkho wa pogula suzikhudza.

Panali cinanso cowawa. Lamulo la 2001 linacititsa ana ambiri a machona, obadwira ku Mabvuku ndi Tafara komweko, kuyesedwa alendo, ndipo anataya mphamvu ya kuponya voti kufikira malamulo atsopano a dziko a 2013 anawatsegulira njira ya kukhalanso mbadwa. Zaka zonsezo anali kukhoma msonkho pogula sopo ndi palafini, koma analibe mau pa kagwiritsidwe ka ndalamazo, monga momwe agogo ao analibe mau ku Zomba.

Dziko silingayende popanda msonkho, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma zala sizilingana, ndipo Boma lanzeru liyang'ana cala ciri conse lisanacisenzetse. Cifukwa cace mukamva pa wailesi kuti nduna yalengeza msonkho watsopano, kaya ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Harare, musangofunsa kuti ndi ndalama zingati. Funsani kuti wosauka augwirira nchito masiku angati, wolemera angati, ndipo funsani ngati madzi adzaturuka m'mipopi ya ku Tafara monga aturuka ku nyumba za akuluakulu.