Ndani Amakumbukira Kuti Makina Awiri Akulankhulana?

Rufunsa ili pa msewu wa Great East, makilomita pafupifupi 150 kum'mawa kwa Lusaka, pamene msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri potsikira ku mlatho wa Luangwa. Oyenda pa basi amadziwa kuti m'mapiri amenewa netiweki imabwera ndi kupita. Komabe chithunzi chimene foni inayamba kulandira isanalowe m'chigwa nthawi zambiri chimafika chathunthu basi ikatulukira pamtunda. Zimenezi si mwayi ayi. Ndi zotsatira za chisankho cha m'zaka za m'ma 1970, pamene akatswiri anachotsa udindo wokumbukira kulumikizana m'manja mwa makina apakati n'kuupereka kwa makina awiri olankhulanawo. Ndikuona kuti chisankhocho chinakomera kwambiri madera onga Rufunsa kuposa mizinda imene chinapangidwira.

M'masiku a lamya za waya, zimene ku Zambia zinali m'manja mwa bungwe la mapositi ndi matelefoni la PTC mpaka mu 1994 pamene bungweli linagawidwa kukhala Zamtel ndi Zampost, wokumbukira anali eksichenji. Ukaimba ku Chipata, eksichenji inkakupatulira njira yonse n'kuigwira mpaka utatsitsa lamya. Waya ukaduka penapake, kapena makina apakati akazima, nkhani inkathera pomwepo, chifukwa lamya ya m'nyumba sinkadziwa kalikonse za ulendowo.

Mu 1974 Vint Cerf ndi Bob Kahn anafalitsa ganizo la njira yolumikizira makompyuta yotchedwa TCP, lomwe linalembedwa mwatsatanetsatane mu 1981 ndipo netiweki ya ARPANET inasamukirako pa 1 Januwale 1983. Kachitidwe kake n'konga ka mlendo wofika pakhomo: wina amati odi, mwininyumba amayankha, mlendoyo n'kuonetsa kuti wamva asanakhale pansi. Foni imatumiza kauthenga kotchedwa SYN kokhala ndi nambala imene iyambire kuwerengera. Seva imabweza SYN-ACK, kuvomereza nambalayo n'kutchula yake, kenako foni imatsimikiza ndi ACK. Gawo lachitatuli ena amaliona ngati lowonjezera, koma popanda ilo kauthenga kakale kosochera m'njira kakhoza kufika mochedwa n'kutsegulitsa kulumikizana kumene palibe akukufuna. Kuchokera apa mbali iliyonse imasunga zinthu zinayi, adiresi yake, adiresi ya inzake ndi manambala awiri a madoko, ndiponso imawerenga zimene yatumiza ndi zimene zavomerezedwa. Chimene sichinavomerezedwe chimatumizidwanso, ndipo podikira imatalikitsa nthawi pang'onopang'ono m'malo motaya mtima. Ndiye chifukwa chake chigwa cha ku Rufunsa chimachedwetsa chithunzi koma sichichipha, bola netiweki isasowe nthawi yaitali.

Zambia inalowa msanga m'zimenezi. Yunivesite ya Zambia inkatumiza kale makalata a pakompyuta kudzera pa Fidonet kuyambira 1991, ndipo mu 1994 ZAMNET inalumikiza dziko ku intaneti yeniyeni. Rufunsa yokha inadzapatulidwa ku Chongwe n'kukhala boma lakelake mu 2012, ndipo anthu ambiri m'madera a mafumu Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta anaidziwira intaneti pa foni ya m'manja, osati pa waya.

Wina akhoza kutsutsa kuti moni wautaliwu amalipira ndi wokhala kutali. N'zoona. Palibe chimene chimatumizidwa mpaka uthenga utapita n'kubwera, ndipo pa setilaiti zakale ulendo umodziwo unkadya theka la sekondi kapena kuposa. Koma kuchedwa kwa sekondi n'kopiririka poyerekeza ndi kuyambiranso zonse nthawi iliyonse nsanja ya netiweki ikazima. Chotsutsa cholemera kwambiri n'chakuti wapakati uja anabwereranso. Maadiresi a pa intaneti a mtundu wa IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, motero kuyambira 1994 njira ya NAT inalola makina ambiri kugawana adiresi imodzi, ndipo makampani a mafoni amasunga ndandanda ya kulumikizana kulikonse kodutsa pa iwo. Foni ikakhala chete nthawi yaitali, mzere wake umafufutidwa m'ndandandamo, seva n'kumalankhula yokha. N'chifukwa chake mapulogalamu a mauthenga amatumiza timauthenga ting'onoting'ono tongodzikumbutsa, tomwe timanyambita bandulo ndi batire mwiniwake asakudziwa. Apa wotsutsa walondola, koma taonani kumene yankho linalowera. Njira ya QUIC, yomwe inakhazikitsidwa mu 2021, imapatsa kulumikizana nambala yakeyake yosadalira adiresi, kotero foni ikasintha adiresi pochoka pa Wi-Fi kupita pa netiweki ya m'manja, seva imaizindikirabe ndipo kutumizirana kumapitirira pomwe kunalekezera.