William Bradford ndi Ana Ace: Mbiri ya Banja Limodzi la ku Plymouth

Maina a mafumu ndi zaka za nkhondo sizikhalitsa m'mitu ya ana a sukulu, koma nkhani ya munthu amene anabadwa, nakwatira, naika maliro, nalera ana, imakhazikika. Cifukwa cace wofuna kudziwa m'mene Angerezi anayambira kukhala ku America acita bwino kulondola moyo wa William Bradford, bwanamkubwa wa mudzi wa Plymouth, pamodzi ndi ana ace. M'banja limeneli muoneka zinthu ziwiri: mtendere umene atate anausunga ndi eni dziko, ndi nkhondo imene ana ao anamenyana patapita zaka 54.

Mwana wamasiye

Bradford anabadwa m'caka ca 1590 m'mudzi wa Austerfield, m'cigawo ca Yorkshire ku England. Makolo ace anali alimi okhala ndi minda yaoyao, osalemera kwambiri koma osasowanso kanthu. Atate wace anamwalira mwanayo ali ndi caka cimodzi. Mai wace atakwatiwanso, William anapita kukakhala kwa agogo ace aamuna. Agogowo sanakhalitse, ndipo m'caka ca 1597 mai wacenso anatsikira kuli cete. Tsono mnyamata wa zaka 7 anatengedwa ndi abale a atate wace, pakuti kwa Angerezi masiku amenewo mwana ndi minda zinali kutsata kucimuna.

Nthenda yaitali inamlepheretsa kugwira nchito ya kumunda, ndipo masiku odwalawo anawatha ndi kuwerenga Baibulo. Ali ndi zaka ngati 12 anayamba kuyenda ulendo wa pansi kukamva mlaliki Richard Clyfton ku Babworth, ngakhale omlera anamletsa. Kumeneko anadziwana ndi William Brewster wa ku Scrooby, amene anambwereka mabuku, nakhala kwa iye ngati atate. Anthu amene anasonkhana m'nyumba ya Brewster anapatuka ku mpingo wa boma la England, ponena kuti mpingo uyenera kudzisankhira wokha abusa ace. Koma masiku a Mfumu James I lamulo linakakamiza munthu aliyense kupemphera mu mpingo wa bomawo, ndipo okana analipitsidwa kapena kuponyedwa m'ndende.

Zaka 12 ku Holland

M'caka ca 1607 anthu aja anayesa kuthawa, koma mwini combo amene anamlemba anawapereka kwa asilikali, ndipo Bradford anagona m'ndende pamodzi ndi anzace. Caka cotsatira anaoloka nafika ku Amsterdam, ndipo m'caka ca 1609 anakhazikika mu mzinda wa Leiden ndi mbusa wao John Robinson. Mwana wa mlimi uja anaphunzira kuomba nsalu. Atakwana zaka 21 analandira colowa ca atate wace nagulitsa mindayo. Motero anadula cingwe comaliza cimene cinammangirira ku Austerfield. M'caka ca 1613 anakwatira Dorothy May, ndipo anabala mwana wamwamuna, namucha dzina lace John.

Ufulu wa kupemphera anaupeza ku Holland, koma nchito inali yowawa ndi malipiro ocepa. Coposa apa, akulu anaona ana ao alikutaya cinenero ndi makhalidwe a kwao, alikusanduka a mtundu wina makolo alikupenya. Anatsimikiza tsono kuoloka nyanja ya Atlantic. Popeza analibe cuma, amalonda a ku London anawalipirira ulendo, nawapangana kuti agwire nchito zaka 7 ndi kuika phindu lonse m'thumba limodzi. William ndi Dorothy anaona kuti mwana wa zaka zitatu sangapirire ulendo wotere, namsiya ku Holland. Mai wace sanamuonenso.

Cisanu ca 1620

Combo ca Mayflower cinanyamuka ku England mu Sepitembala 1620 ndi anthu aulendo 102, ndipo cinayandama masiku 66. Anafuna kukoceza kumwera, kufupi ndi mtsinje wa Hudson, koma anafika ku Cape Cod nyengo ya cisanu itayamba kale. Asanatsike, amuna 41 analemba maina ao pa pangano lakuti adzadzipangira malamulo ndi kuwamvera. Bradford anali mmodzi wa iwo. Mu Disembala, iye atapita ndi anzace m'bwato kukafuna malo omangapo mudzi, Dorothy anagwa m'combo namira. M'buku lalikulu limene Bradford analemba pambuyo pace sanafotokoze za tsikulo. Anangochula kumapeto kuti mkazi wace anamwalira atangofika.

Malo amene anasankha anali okonzeka modabwitsa: mitengo yodulidwa, minda yoswedwa kale, madzi abwino, koma wopanda munthu. Anali mabwinja a mudzi wa Patuxet, wa anthu a mtundu wa Wampanoag, amene anatha ndi mliri wodza ndi zombo za ku Ulaya pakati pa 1616 ndi 1619. Pamabwinja pomwepo anamanga Plymouth. Cisanu, njala ndi nthenda zinapha pafupifupi theka la alendowo miyezi yoyambayo. Inafika nthawi yakuti anthu 6 kapena 7 okha ndiwo anali ndi mphamvu yakutola nkhuni ndi kusambitsa odwala, ndipo Bradford anali pakati pa odwalawo. Mwa akazi okwatiwa 18, anai okha anafika pa nyengo yokolola.

Cimanga ndi pangano

Otsalawo anapulumuka cifukwa ca eni dziko. Mbeu yao yoyamba ya cimanga anaifukula m'nkhokwe za pansi za anthu a ku Cape Cod eni ace kulibe, ndipo malipiro anaperekedwa patapita miyezi. Mu Marici 1621 kunafika Tisquantum, amene Angerezi anamucha Squanto, mbadwa ya Patuxet pomwepo. Iyeyu anagwidwa ndi mwini combo Thomas Hunt m'caka ca 1614 kuti akagulitsidwe ku Spain, nakhala ku London naphunzira Cingerezi, ndipo pobwera kwao m'caka ca 1619 anapeza mudzi wonse uli manda. Ndiye anaonetsa alendo kubzala cimanga pamitumbira ndi kukwiriramo nsomba kuti nthaka inone. Nandolo za ku England zinakanika, koma cimanga cinabereka.

Mwezi womwewo mfumu ya Awampanoag, Massasoit, inapangana ndi bwanamkubwa woyamba John Carver kuti asacitirane coipa, kuti wolakwa aperekedwe kwa olakwiridwa, ndi kuti athandizane pa nkhondo. Massasoit sanacite ici mopusa. Mliri unatha anthu ace, koma unalambalala adani ace a mtundu wa Narragansett, ndipo anafuna bwenzi lokhala ndi mfuti. Carver anamwalira mu Epulo, ndipo anthu anasankha Bradford, ali ndi zaka 31. Atakolola, Massasoit anabwera ndi amuna 90 napereka nyama zisanu zakuthengo, nadya pamodzi masiku atatu. Phwandolo likumbukiridwa ku America pa tsiku la Thanksgiving. Koma kuyambira caka ca 1970 ena mwa eni dziko amasonkhana ku Plymouth tsiku lomwelo ngati tsiku la maliro.

Banja laciwiri

M'caka ca 1623 Bradford anaona kuti kulima munda umodzi wa onse kulikudzetsa ulesi ndi madandaulo, ndipo anagawira banja lirilonse cigawo cace, zokolola zinaculuka. Mu Ogasiti caka comweco anakwatira Alice Southworth, mkazi wamasiye wa mpingo wa ku Leiden, amene anafika pa combo ca Anne. Massasoit anadza ku ukwatiwo ndi anthu ace. Alice anabala ana atatu: William m'caka ca 1624, Mercy, ndi Joseph m'caka ca 1630. Ana ace awiri a kwa mwamuna woyamba, Constant ndi Thomas, anamtsata pambuyo. John uja wa ku Holland naye anaoloka, nafika kwa atate amene sanawakumbukire nkhope. M'nyumba yomweyo munakulira Thomas Cushman, mnyamata amene atate wace anamsiya m'manja mwa Bradford namwalira ku England. Amene anakula wamasiye anakhala mleri wa amasiye.

Ngongole ya amalonda a ku London inamsautsa zaka zambiri. M'caka ca 1627 iye ndi anzace asanu ndi awiri anasenza ngongole ya mapaundi 1,800, kuti aibweze ndi malonda a zikopa za nyama zimene anagula kwa eni dziko. Nkhani ya ngongoleyo inatha m'caka ca 1648. Koma cimene cinamuwawa koposa cinali kubalalika kwa anthu. Kuyambira caka ca 1630 Angerezi zikwizikwi anafika ku Boston, mtengo wa ng'ombe unakwera, ndipo a ku Plymouth anasamukira ku Duxbury ndi ku Marshfield kufuna mabusa akulu. Mwana wace John anali mwa osamukawo. Bradford anafuna mudzi umodzi wozungulira mpingo umodzi, ndipo anaona mpingowo ulikutsala ngati nkhalamba yothawidwa ndi ana ace. Sanazindikire bwino kuti munda uliwonse watsopano unali kudya dziko la anthu ena.

Ubwenzi wace ndi Massasoit usaphimbe mbali yina ya mtima wace. M'caka ca 1637 asilikali a Angerezi a ku Connecticut ndi ku Massachusetts anatentha linga la anthu a mtundu wa Pequot ku Mystic, ndipo anafa anthu mazanamazana, akazi ndi ana omwe. A ku Plymouth sanamenye nao, koma Bradford analemba za moto umenewo ngati cigonjetso coyamikira Mulungu.

Anasankhidwa kukhala bwanamkubwa kwa zaka ngati 30. Atakalamba anayamba kuphunzira Cihebri, kuti aone ndi maso ace cinenero cimene Cipangano Cakale cinalembedwamo. Anamwalira mu Meyi 1657, ali ndi zaka 67, pangano la 1621 lisanasweke.

Ana a abwenzi awiri

Massasoit anamwalira ca m'ma 1661. Mwana wace woyamba, Wamsutta, anatengedwa mokakamiza ndi akulu a Plymouth kukafunsidwa mlandu m'caka ca 1662, nadwala, namwalira. Anthu ace anakayikira Angerezi. Ufumu unagwera mphwace Metacom, amene Angerezi anamucha Philip. Iye anapeza dziko litacepa, ng'ombe ndi nkhumba za alendo zirikudya cimanga ca anthu ace, ndi mabwalo a milandu a Plymouth alikuweruza Awampanoag ngati anthu ao. Nkhondo inabuka mu Juni 1675.

Mu Disembala caka comweco William Bradford wamng'ono anatsogolera asilikali a Plymouth pa nkhondo ya m'dambo lalikulu la ku Rhode Island, kumene linga la Anarragansett linatenthedwa. Analasidwa ndi cipolopolo cimene cinakhala m'thupi mwace kufikira imfa yace. Metacom anaphedwa mu Ogasiti 1676, ndipo mutu wace unapacikidwa pamtengo ku Plymouth zaka zambiri, m'mudzi umene atate wace anadyamo phwando la ukwati. Mkazi wace ndi mwana wace anagulitsidwa ukapolo kutsidya kwa nyanja. Akulu amati mlendo ndi mame, koma alendo awa dzuwa silinawaumitse. Anamera mizu nasanduka eni minda.

Mwa ana a Bradford, John anakathera ku Norwich m'dziko la Connecticut wosasiya mwana. William wamng'ono anakhala waciwiri kwa bwanamkubwa, nakwatira katatu motsatana, nabala ana oposa 10. Mwa iye ndi mwa Joseph ndimo mbumba ya Bradford inaculukira. Mmodzi wa zidzukulu zakutali ndi Noah Webster, mphunzitsi amene analemba buku lophunzitsira ana kuwerenga ndi buku lalikulu lomasulira mau a Cingerezi ca ku America la 1828. Plymouth yeniyeniyo inaleka kudzilamulira m'caka ca 1691, pamene inaphatikizidwa ndi Massachusetts.

Buku ndi cinenero

Zambiri za nkhaniyi zidziwika cifukwa Bradford analemba. Anayamba mbiri ya Plymouth m'caka ca 1630, ndipo kumapeto kwace anandandalika maina a onse a pa Mayflower, ndani anafa, ndani anakwatira, ndi ana angati anabadwa. Zolembazo zinasungidwa ndi zidzukulu zace, zinafika ku Boston, zinasowa masiku a nkhondo ya ufulu wa America, ndipo zinapezeka m'caka ca 1855 m'nyumba ya mabuku ya Bishopu wa ku London. Zinasindikizidwa m'caka ca 1856, nizibwezedwa ku Massachusetts m'caka ca 1897.

Massasoit ndi Metacom sanasiye buku, ndipo maganizo ao amveka kupyolera m'kamwa mwa alendo ndi adani. Komabe mtundu wao sunathe. Awampanoag alipo ku Mashpee ndi ku Aquinnah. Cinenero cao cinaleka kulankhulidwa zaka zoposa 100, koma cinatsala papepala: m'makalata a minda amene makolo ao analemba okha, ndi m'Baibulo limene John Eliot ndi eni dziko omthandiza anamasulira, losindikizidwa m'caka ca 1663. Kuyambira caka ca 1993, Jessie Little Doe Baird ndi anzace anatenga zolembazo nayamba kuphunzitsanso ana kulankhula mau a makolo ao.

Mphunzitsi wofotokoza nkhani ya Plymouth ayenera tsono kuuza ana amene anailemba, ndi kuwafunsa kuti mbali yina ikadanena ciani. Ndipo akawatuma kwa agogo ao kukafunsa maina a makolo, kumene anacokera ndi amene anawapeza pamalopo, aonetsetse kuti mayankhowo alembedwa m'cinenero comwe agogowo anayankhira.