CISANU NDI ANAPIYE: MBIRI YA MOTO WA M'THUPI

Mzinda wa Lusaka unamangidwa pamalo okwera, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere. Cifukwa ca ici miyezi ya Juni ndi Julai imakhala ya cisanu, ndipo kawirikawiri usiku kuzizira kumatsika kunsi kwa madigiri 10. Nyengo imeneyi oweta nkhuku a ku Kanyama, George, Matero ndi Chawama amaiopa, pakuti munthu angathe kugula anapiye 100 lero, nadzapeza mawa m'mamawa ambiri atafera m'ngodya ya khola. Cimene cimapha anapiyewo cinadziwika pang'onopang'ono, ndipo mbiri yace inayambira kutali.

M'nyengo yozizira ya 1782 ndi 1783, anthu awiri anzeru a ku France, Antoine Lavoisier ndi Pierre-Simon Laplace, anatenga mbira naiika m'cotengera cozingidwa ndi madzi oundana. Patapita maora 10, thupi la kanyamako linali litasungunula madzi oposa kapu imodzi. Anayesanso mpweya umene mbira imapuma, napeza kuti ulingana ndi mpweya wocokera pa makala oyaka. Motero anazindikira kuti m'thupi la nyama muli ngati moto woyaka pang'onopang'ono: nkhuni zace ndizo cakudya, ndipo coukoleza ndiwo mpweya. Cisanu cikakula moto umenewu ufuna nkhuni zambiri.

M'zaka zotsatira asing'anga anafufuza njira zimene nyama imasungira kutentha kwace. Poyamba imaimika ubweya kapena nthenga, kuti mpweya wofunda utsekeredwe pakhungu. Mitsempha ya pakhungu imacepa, mwazi nuthawira m'kati kukafunditsa mtima ndi ciwindi. Izi zikapanda kukwanira, minofu iyamba kunjenjemera, ndipo kunjenjemerako kutulutsa kutentha. Caka ca 1961 Robert Smith wa ku America anasonyeza kuti mafuta ena ofiirira, opezeka m'nyama zambiri zoyamwitsa, nchito yao ndiyo kufunditsa thupi popanda kunjenjemera. Ana a nkhosa ndi a ng'ombe amabadwa nao mafutawa, monganso makanda a anthu. Ana a nkhumba alibe, ndiponso mbalame zonse zilibe.

Panatsala funso lina: nanga nyama yozunzika ndi cisanu imadwaliranji msanga? Walter Cannon wa ku Harvard analongosola m'caka ca 1915 kuti nyama ikaopsedwa, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timathira m'mwazi mankhwala ofulumizitsa mtima, kuti ithawe kapena imenyane. Pambuyo pace, m'caka ca 1936, Hans Selye wa ku McGill University mu mzinda wa Montreal anaika makoswe ena m'cisanu, ena nawatopetsa ndi kuthamanga, enanso nawapatsa mankhwala oipa. Ngakhale mabvuto anali osiyana, zotsatira zinali zimodzimodzi: tiziwalo ta pa impso tija tinakula, ziwalo zoteteza thupi ku matenda zinafota, ndipo m'mimba munabuka zironda. Selye anaphunzitsa kuti thupi liyamba ndi kudzidzimuka, kenaka lilimbikira, ndipo bvuto likapitirira lilefuka ndithu.

Pamene nzeru izi zinali kukula, Lusaka nayenso anali kukula. Anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, ndipo mafakitale anamangidwa kumadzulo kwa njanji, kudera limene lero lidziwika ndi dzina lakuti Heavy Industrial Area. Anthu obwera kudzafuna nchito anakhala m'makomboni ozungulira deralo, ndipo ambiri anadza ndi mwambo wa kumudzi wakuweta nkhuku. Kumudzi thadzi lifungatira mazira masiku 21, niliyenda ndi ana ace. Thupi lace litentha pafupi madigiri 41, ndipo anapiye akamva cisanu athamangira kunsi kwa mapiko ace.

Mawetedwe anasintha pamene anapiye anayamba kuswedwa ndi makina. Kampani ya Hybrid Poultry Farm inayamba nchito yace m'caka ca 1961, ndipo pambuyo pace zinadza zinzace. Zigayo za cakudya ca ziweto, monga za Tiger ndi Novatek, zinakhazikika ku Heavy Industrial Area, kumene zisakaniza cimanga ndi soya. Tsono mkazi wa ku Kanyama angathe kugula anapiye a tsiku limodzi, nawagulitsa atakwana masabata 6, napeza ndalama za sukulu ndi za lendi. Koma anapiye otere alibe amao. Nchito imene thadzi linali kugwira yagwera mwini khola.

Apa ndipo maphunziro a Lavoisier ndi Selye aonekera poyera. Mwanapiye satha kusunga kutentha kwa thupi lace kufikira atatha masabata awiri, pakuti ndi wamng'ono ndipo nthenga zace zenizeni zisanamere. Sabata loyamba afuna malo ofunda madigiri 32 kufikira 35, ndipo kutenthako kucepetsedwa ndi madigiri ngati 3 sabata liri lonse. Akazizidwa, cakudya ca m'thumba lodula lija cisanduka nkhuni m'malo mwa mnofu. Anapiye alira kwambiri, naleka kudya, naunjikana mpaka apansi abanika.

Opulumuka usiku umenewo sanathane nalo bvuto. Mankhwala ocokera pa impso aja akacuruka m'mwazi afoketsa citetezo ca thupi, kotero kuti katemera sagwira bwino, ndipo cideru, cimene ena amati citopa, cipeza khomo lotseguka. Palinso nthenda ya madzi m'mimba. Nkhuku ya nyama ikula msanga ndipo ifuna mpweya wambiri. Cisanu cionjezera kufunako, ndipo pamalo okwera mpweya ngwocepa mphamvu. Mtima ugwira nchito yopitirira muyeso mpaka ulefuka, madzi nadzaza m'mimba. Nkhukuzo zimafa zitakula kale, mwini atataya ndalama zambiri pa cakudya, ndipo kawirikawiri iye saganizira za cisanu ca sabata loyamba.

Oweta ambiri anazolowera kufunditsa anapiye ndi nyali za magetsi, amene ena acokera ku khoma la Kariba lomwe linatha kumangidwa m'caka ca 1959. Koma m'zaka za 2015, 2019 ndi 2024 madzi anacepa m'nyanjamo cifukwa ca cilala, magetsi nazima maora ambiri tsiku ndi tsiku. Anthu anabwerera ku mbaula ndi makala, amene a ku Lusaka amati malasha. Mbaula ifunditsa bwino, koma m'khola lotsekedwa ponseponse makala atulutsa mpweya wakupha wosanunkha, umene ungagwetse anapiye pamodzi ndi munthu wowalonda. Ncifukwa cace alangizi a ziweto amati makala ayambe ayakira panja, ndipo pamwamba pa khola pasiyidwe mpata.

Mlimi wopanda coyesera kutentha ali naco cizindikiro cina cosalakwa, ndico anapiye eni ace. Akaunjikana pafupi ndi moto, kwazizira. Akathawira kukhoma atayasamula milomo, kwatentha. Akamwazikana m'khola monse nadya mwakacetecete, pamenepo cakudya cikupita ku mnofu, ndipo mwini angathe kukagona.